Matayala opitira ku Nyika ndi tenti pamwamba

Anzanga okonda kukagona kutchire pa galimoto, nkhani ya matayala musamaitenge mwachibwana. Ine ndinayamba ndi otchipa aja opanda dzina lodziwika, limodzi linang'ambika m'mbali titadutsa Rumphi kulowera ku Chelinda, ana ali m'mbuyo dzuwa likulowa, mtima unali m'malere. Pano ndinaika BFGoodrich KO2 ndipo eeh m'mbali mwake ndi molimba zedi, pa miyala ndi pamatope amagwira ngakhale galimoto itadzaza madzi, gasi ndi katundu yense. Mnzanga amakonda General Grabber AT3, pa tala ya M1 amayenda phee, kwa oyenda kwambiri mtauni ndi abwinonso. Pogula muziona manambala anayi omaliza a DOT, chizindikiro cholembedwa m'mbali mwa tayala, chifukwa amaonetsa nthawi yomwe linapangidwa, mwachitsanzo 2322 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2022, tayala lokhalitsa mu shopu ine sinditenga ayi.