Purosesa, NVENC kapena Quick Sync: chofinya vidiyo mwachangu n'chiti?

Anthu ambiri akafuna kompyuta yotulutsa vidiyo mwachangu amathamangira khadi la gemu lodula kwambiri, poganiza kuti kudulako ndiye liwiro. Pofinya vidiyo, kutanthauza kuichepetsa kukula kwa fayilo, sizili choncho. M'kati mwa khadi la NVIDIA muli kachigawo kapadera kotchedwa NVENC, ndipo kameneka ndi kamene kamagwira ntchitoyo, mphamvu zina zonse zimene mwalipirira zili phee. RTX 4060 ndi RTX 4070 onse ali ndi NVENC imodzi, ya m'badwo womwewo. Mukawapatsa fayilo imodzimodzi mu HandBrake, pulogalamu yofinyira vidiyo, amamaliza mosasiyana kwenikweni. Kusiyana kumayambira pa RTX 4070 Ti kupita m'mwamba, pamene pali ma NVENC awiri, komabe phindu lake mumaliona pokhapokha pulogalamu yanu ikudziwa kuwagawira ntchito, kapena mukufinya mavidiyo awiri nthawi imodzi.

Chofunika kuyang'ana pa NVIDIA ndi m'badwo wa khadi. Makhadi a RTX 20, amene anatuluka mu 2018, ndi amene anakweza kwambiri maonekedwe a H.264 ndi HEVC, mitundu ya kafinyidwe ka vidiyo. A RTX 30 amatha kuwerenga AV1, mtundu watsopano wa kafinyidwe, koma satha kuifinya. Kufinya AV1 kunayamba ndi RTX 40 mu 2022. Ndipo samalani ndi GT 1030, yotchipa ija: mulibe NVENC ngakhale pang'ono.

Intel ndiye amene anthu amamuderera, chonsecho Quick Sync, kachigawo kake kofinyira vidiyo, yakhala m'mapurosesa ake kuyambira 2011. Ngati muli ndi Core i5 wa zaka zaposachedwa, n'kutheka kuti chofinyira chabwino muli nacho kale, simunachiyatse chabe. Msampha uli pa chilembo chimodzi: purosesa yothera ndi F, monga i5-12400F, ilibe gawo la zithunzi, choncho ilibenso Quick Sync. Mumapulumutsa kandalama kochepa n'kutaya chinthu chimene mumafunacho. Palinso makhadi a Intel Arc. Kakhadi ka A380 n'kofooka pa gemu, koma kamafinya AV1 bwinobwino, ndipo a Arc ndi amene anayamba kubweretsa zimenezi pamsika mu 2022. Kwa munthu wongofuna kufinya, osasewera, ine ndimaona kuti apa ndi pamene ndalama imagula zambiri. China chimene Intel anatsogola nacho ndi kuwerenga HEVC ya 10-bit 4:2:2, yosunga mitundu (makala) yambiri, imene makamera ambiri a masiku ano amajambula. Makhadi a GeForce a NVIDIA ayamba kutha zimenezi ndi RTX 50, mu 2025. Pa makhadi akale ntchitoyo imagwera purosesa, vidiyo n'kumadukizadukiza mukamaidula.

Za AMD sindichulutsa. Makhadi a RX 7000 amafinya AV1 ndi HEVC mokhutiritsa, koma pa H.264 yokhala ndi bitrate (kuchuluka kwa deta pa sekondi iliyonse) yotsika, monga ya oulutsa vidiyo pa intaneti pa Twitch, akhala akutsalira kumbuyo kwa NVENC. RX 6500 XT ilibiretu chofinyira, musaigule pa ntchito imeneyi. Makompyuta a Apple a M1 Pro kupita m'tsogolo ali ndi gawo lofinya ProRes, mtundu wa vidiyo wa Apple, lothandiza kwambiri odula mafilimu, ndipo sadya magetsi ambiri. Kungoti chimene mwagula n'chomwecho, simungadzasinthe khadi.

Nanga bwanji alipobe anthu amene amasiya kompyuta ikulira mafani usiku wonse ndi x265 kapena SVT-AV1, mapulogalamu ofinya ndi purosesa? N'chifukwa choti purosesa imakhala ndi nthawi yoganiza. Imayerekeza zithunzi zambiri zotsatizana, n'kufufuza modekha pamene chinthu chasunthira, pomwe kachigawo ka pa khadi kamatsata njira zochepa zimene kanapangidwa nazo. Zotsatira zake n'zakuti pa maonekedwe ofanana, fayilo ya purosesa imakhala yaing'ono. Mukafuna kudzionera nokha, musayese ndi munthu wongokhala akulankhula. Tengani pamene pali mdima, kapena kamera ikudutsa pa udzu, kapena madzi akugwa. Imitsani vidiyoyo. Pa fayilo yofinyidwa ndi khadi pa bitrate yotsika, udzu umaoneka ngati waupaka utoto, ndipo mdima umagawika mizeremizere. Mukakweza bitrate vutolo limatha, koma fayilo imatupa.

Apa AMD amabwezera: Ryzen 9 wa ma core (zigawo zogwira ntchito m'purosesa) 12 kapena 16 ndi wabwino zedi pa x265. Dziwani chabe kuti vidiyo ya 1080p siidzaza ma core onsewo, ndiye kuli bwino kufinya mafayilo awiri pamodzi.

Funso loti muyambe nalo ndi lakuti fayiloyo ikupita kuti. Ikakhala ya YouTube, iwo adzaifinyanso okha, choncho kudikira maola ndi x265 n'kungodzivutitsa. Ipatseni NVENC kapena Quick Sync, bitrate ikhale yokwera, mutumize. Oulutsa pa intaneti ndi pulogalamu ya OBS nawonso khadi ndiye lawo, kuti purosesa isalemedwe. Koma zosunga zaka zambiri pa disiki yosachedwa kudzaza, zisiyireni purosesa.

Musanagule chilichonse, yambitsani kufinya n'kutsegula Task Manager ya Windows, yoonetsa mmene zigawo za kompyuta zikugwirira ntchito. Mukaona Video Encode ili pansi pomwe purosesa yafika 100%, chikukuchedwetsani ndi zosefa monga zochotsa madontho m'chithunzi, kapena kuwerenga fayilo ya kamera, ndipo khadi latsopano lokha silingachotse vutolo.