Buku la pa chiguduli lomwe landikumbutsa chitengwa

Pa Kamuzu Road kuno ku Salima pali bambo wina amene amayala mabuku akale pa chiguduli, pafupi ndi pomwe amaima akabaza. Mwezi watha ndinagulapo buku lachingerezi pa K3,000, chikuto chong'ambika. Ndi nthano yopeka, koma yokhazikika pa mbiri yeniyeni ya ku America. Mtsikana wa mpingo wa Quaker ku Pennsylvania akukwatiwa, kenako mwamuna akumutengera ku Montana kukaweta ng'ombe.

Mutu wa ukwati ndinauwerenga kawiri. Mpingo umenewu, womwe anayambitsa George Fox ku England cha m'ma 1650, pa mwambo wake wakale sukwatitsa ndi m'busa. Anthu amakhala chete m'chipinda, awiriwo n'kuimirira, kugwirana manja, kulonjezana okha pamaso pa Mulungu. Akatero aliyense amene analipo amasaina pa kalata ya ukwati. Ankhoswe monga athuwa kulibe, koma mpingo umayamba watuma anthu kukafufuza ngati awiriwo alibe mangawa kwina.

Kalata imeneyo ndiyo yanyamula buku lonse. Lamulo la boma la America la 1862 linkapereka malo a maekala 160 kwa munthu wokhalapo zaka zisanu akulima, ndiye banjali likukhala patchire, woyandikana naye ali kutalitali. Mwamuna akapita ndi ng'ombe masiku angapo, mayiyu amatulutsa kalata ija m'bokosi n'kumawerenga maina mmodzimmodzi, a mayi ake, azakhali, anzake a ku ubwana. Ine ndinatengedwa chitengwa ndili wamng'ono, kumudzi komwe sindinkadziwa ndi mmodzi yemwe, ndipo apa misozi inalengeza. Kukhala chete kumene kwawo kunali pemphero la gulu, kuno kwasanduka kusowa wolankhula naye. Wolembayo zimenezi wazigwira bwino zedi, mosathamanga.

Pomwe sindinakhutire ndi pa mwamuna. A Quaker amakana nkhondo ndi chiwawa, koma bamboyu, mkangano wa mipanda ya waya waminga ndi madzi omwetsa ziweto utangobuka, akugula mfuti m'tsamba limodzi lokha, osaonetsa kuvutika mumtima. Munthu woleredwa m'chikhulupiriro chotere sasintha ngati nanzikambe. Chingerezi chakenso n'cholemera, amalankhulana ndi "thee", mawu akale, moti mwana wa Fomu 2 chingamubalalitse.

Dandaulo lina n'la wogulitsa. Masamba 12 a pakati kulibe, pomwe pakuyambira nyengo ya chisanu choopsa ya 1886 mpaka 1887, yomwe inapululadi ng'ombe zambirimbiri m'zigwa za kumeneko. Ndinangopeza kuti ziweto zatha, mayiyu ali ndi khanda kumanja. Nditabwererako bamboyo anapepesa mwaulemu, nandiuza kuti ndisankhe lina pa theka la mtengo. Ndinasankha, koma ili sindinabweze. Mukagula pamenepo, yambani mwawerenga manambala a masamba musanapereke ndalama.

Panopa lili ndi mwana wa achemwali anga, amene akukwatiwa ku Dedza mu Disembala.