Masiku 9 m'galimoto yogonamo ku chipululu cha Namib: pogona m'pabwino, koma funsitsani za matayala ndi batire

Ndinali nditagwira ntchito zaka zitatu osapuma kwenikweni. Masiku a tchuthi ndinkawatenga ndithu, koma foni ikalira ndinkayankha, ndipo usiku mutu unkangowerengera za ku ofesi. Mayi a kunyumba ndi amene ananena kuti mankhwala ake n'kupita kumene foni singagwire. Choncho m'mwezi wa July tinachita hayala galimoto yogonamo, ya mtundu wa van, mumzinda wa Windhoek ku Namibia, kwa masiku 9. Kampaniyo sinditchula dzina, chifukwa zina zimene ndinene si zoyamikira, koma ndikufuna amene akuganiza zochita hayala galimoto yotere adziwe zoyenera kufunsa asanasaine pepala.

Kunja imaoneka ngati galimoto yoyera yonyamula katundu wa m'sitolo. Ukatsegula chitseko cham'mbali m'pamene umaona kuti ndi kanyumba. Kumbuyo kuli bedi lokwana anthu awiri, pansi pake malo oika zikwama. Chapakati pali chitofu cha gasi cha mafuwa awiri, kasinki kokhala ndi mpopi, ndi filiji yonga bokosi. Denga ndi lalitali moti ine, amene sindine wamfupi, ndinkaima chilili osawerama. Pamwamba pali sola imene imatchaja batire lachiwiri, loyendetsa filiji ndi magetsi a m'kati, kuti batire lolizira injini lisathe. Thanki ya madzi inali ya malita 60. Mayi amene anatipatsa makiyi anakhala nafe pafupifupi ola lathunthu, kutionetsa potsekera gasi, pothira madzi, ndi mmene tingaphwetsere matayala pang'ono tikalowa msewu wamiyala. Pamenepo ndikuwayamikira kwambiri. Anatiuzanso kuti galimotoyo ili ndi kachipangizo kolemba liwiro, ndipo tikapitirira makilomita 80 pa ola pamsewu wafumbi, inshulansi sidzatithandiza. Koma titafika pa mapepala a mgwirizano anafulumira, ine ndinafulumira nawo.

Tara inatithera titangodutsa Rehoboth. Amene sanayendepo m'misewu ya kumeneko adziwe kuti vuto si maenje. Ndi timizere timene timapingasa msewu ngati malata, ndipo galimoto ikamayenda pamenepo imanjenjemera yonse, mano mpaka kugundana. Galimoto yathu, yolemera ndi bedi, madzi ndi makabati, inkamva timizere timeneti kuposa mapikapu amene ankatipitirira. Kabati imodzi inkangotseguka yokha, mpaka tinaimanga ndi chingwe. Chimene chinandikwiyitsa ndinachiona titafika ku Sesriem madzulo. Nditatsegula chitseko chakumbuyo, bedi lonse linali litakutidwa ndi fumbi, mapilo asintha mtundu. Labala wa m'mphepete mwa chitsekocho anali atatha, pena atang'ambika. Galimoto ikamathamanga pafumbi, mpweya wa kumbuyo kwake umakokera fumbilo m'kati kudzera pa kampata kalikonse, ndipo kampani imene imabwereketsa magalimoto oyenda m'chipululu izi imazidziwa bwino. Kuyambira tsiku limenelo tinkatseka mpatawo ndi thawulo lonyowa n'kuphimba bedi ndi nsalu tisananyamuke.

Komabe usiku womwewo ndinayamba kuikonda galimotoyo. Malo ogona a ku Sesriem ali m'kati mwa paki ya Namib-Naukluft, ndipo aliyense amapatsidwa mtengo wake waukulu waminga wozunguliridwa ndi kakhoma kamiyala. M'chipululu masana dzuwa limawotcha, koma likangolowa kutentha konse kumathawira kumwamba chifukwa kulibe mitambo kapena chinyezi chokusunga, ndipo mu July kumazizira mpaka zala kuuma. Mphepo inayamba chapakati pa usiku, yonyamula mchenga. Tinkamva matenti a anzathu akuwomba ngati mbendera. Ife tinali m'kati mwa zitsulo, matiresi abwino, zofunda zokhuthala zimene kampaniyo inatipatsa, ndipo ndinagona tulo tofa nato.

Ubwino weniweni wa van ndinauona mbandakucha. Amene amagona m'kati mwa paki amaloledwa kudutsa geti lam'kati ola limodzi dzuwa lisanatuluke, pamene akunja amadikira kuti litulukiretu. Ola limenelo ndi la mtengo wapatali, chifukwa mapiri a mchenga amakongola kwambiri dzuwa likamawomba cham'mbali, mbali imodzi itafiira ngati makala a moto, ina ili bii. Anzathu a matenti apadenga la galimoto anali kalikiliki mumdima, tochi pamphumi, kupinda tenti ndi manja ozizidwa. Ife tinangodzuka, kutseka gasi, kukhala pamipando yakutsogolo, n'kuliza injini. Tinafika pa Dune 45, phiri la mchenga limene dzina lake linachokera pa mtunda wa makilomita 45 kuchokera ku Sesriem, kukadali chisisira. Kukwera mchenga n'kovuta, phazi likapita patsogolo limabwerera theka, ndipo tinafika pamwamba tili wefuwefu. Titatsika, miyendo ikunjenjemera, tinatsegula chitseko cham'mbali, kuyatsa chitofu, n'kumwa madzi otentha titakhala pakhomo la galimoto, mapazi ali mumchenga wozizira. Chapatali panadutsa oryx, nyama ya nyanga ziwiri zazitali zowongoka ngati mikondo, ikuyenda mosatekeseka. Ndinayang'ana nyamayo mpaka inazimiririka, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi nthawi yoyamba m'zaka zitatu imene ndinayang'ana chinthu popanda kuganiza za chinthu china.

Apa ndiye pali dandaulo langa lalikulu. Msewu wochokera ku Sesriem ndi wa tara kwa makilomita pafupifupi 60, koma makilomita 5 omaliza opita ku Sossusvlei, chidikha chozunguliridwa ndi mapiri a mchenga, ndi mchenga wakuya, wofuna galimoto yokoka ndi matayala onse anayi. Yathu inkakoka ndi awiri okha. Pochita hayala ndinawauza komwe tikupita, ndipo yankho linali lakuti galimotoyi imafika kulikonse kumene alendo amapita. Si zoona. Tinaisiya poimika magalimoto n'kukwera ina yonyamula alendo. Ulendo sunawonongeke, tinafika ndithu, ndipo tinayenda wapansi kukaona Deadvlei, chidikha choyera cha dongo louma momwe muli mitengo yakuda imene inafa zaka mazana angapo zapitazo, milu ya mchenga itatsekera mtsinje wa Tsauchab njira. Mitengoyo siinawole chifukwa kulibe chinyezi chowoletsa mtengo. Chigawo chimenechi, chotchedwa Namib Sand Sea, bungwe la UNESCO linachiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2013, ndipo ukaima pamenepo sufunsa chifukwa chake. Koma munthu akamakubwereketsa galimoto ayenera kukuuza poyera pamene galimotoyo imalekezera, osati uzikazindikira wekha matayala atayang'anizana ndi mchenga.

Usiku wachitatu filiji inazima. Batire lachiwiri linali lokalamba, masana sola inkalidzaza, koma pofika 2 koloko usiku linali litatheratu. Tinaimba foni tili ku Solitaire, kamalo kakang'ono komwe kuli pothira mafuta, ndipo kunena chilungamo anayankha msanga komanso mwaulemu. Koma thandizo lawo linali la pakamwa, akuti tizizimitsa filiji pogona n'kuiyatsa m'mawa. Popeza usiku kunkazizira, zakudya sizinawonongeke. Mwezi wotentha ngati December nkhani ikanakhala ina.

Kenako tayala. Kuchokera ku Solitaire kupita ku Walvis Bay pamsewu wa C14 ndi makilomita opitirira 200 opanda pothira mafuta. Tinaima pa chikwangwani cha Tropic of Capricorn, tinatsika ndi kukwera zigwa za Gaub ndi Kuiseb, kenako galimoto inayamba kukokera kumanzere. Mwala wakuthwa unali utang'amba tayala lakumbuyo cham'mbali, malo amene sangamatike. Jeki inalipo, sipanala inalipo, koma nthaka inali yofewa ndipo jeki inkangomira. Panalibe thabwa loikapo. Ndinagona chafufumimba m'fumbi, kukumba ndi manja, mayi akunditolera miyala yafulati yoti ndiyale pansi. Patapita mphindi ngati 40 panaima galimoto ina, bambo wachikulire anatsika osanena zambiri, anatulutsa thabwa lokhuthala m'galimoto mwake n'kundipatsa. M'misewu imeneyo anthu sapitirirana. Tayala lasipeya linali limodzi lokha, choncho mtunda wonse wotsala tinayenda pang'onopang'ono, mtima uli m'mwamba, tikudziwa kuti lina likaphulika tigona pomwepo. Titafika kunyanja ndinawerenga mgwirizano uja modekha, n'kupeza kuti inshulansi imene tinasankha siikhudza matayala kapena galasi lakutsogolo, zinthu ziwiri zimene zimawonongeka kwambiri pamsewu wamiyala. Safunsa anadya phula, ndikuvomera. Koma mfundo yotereyi si yoibisa m'zilembo zing'onozing'ono. Amene anatha ola kundiphunzitsa kuyatsa chitofu akanatha mphindi imodzi kundiuza zimenezi, n'kundifunsa ngati ndikufuna sipeya yachiwiri.

Ku Swakopmund, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, sitinakhalitse. Madzi ozizira a m'nyanja, amene amayenda ngati mtsinje kuchokera kum'mwera ndipo amatchedwa Benguela, amachititsa nkhungu yambiri m'mphepete mwa nyanja, ndipo ndi omwewo amene amalepheretsa mvula kugwa m'chipululu chimenechi. Tinadzuka mawindo onse akuchucha madzi m'kati. Tsegulani kawindo kapadenga pogona, ngakhale kukuzizira.

Masiku awiri omaliza tinagona ku Spitzkoppe, mapiri a miyala ikuluikulu amene amangotumphuka pakati pa chigwa chopanda kanthu. Malo ogona ndi otalikirana, obisika pakati pa matanthwe, opanda mpopi kapena magetsi. Kumeneko galimoto ija inandibwezera zonse zimene inandilanda. Chilichonse chimene tinkafuna chinali pamtunda wa mikono iwiri. Malita 60 amakuphunzitsa kusamala: kapu imodzi yotsukira mkamwa, beseni laling'ono lotsukira mbale zonse, kusamba ndi kansalu konyowa. Ntchito za tsiku zinali zochepa ndipo zinkatha. Ukasesa mchenga pansi, wasesa nyumba yonse. Masana tinkakhala pamthunzi wa thanthwe, dzuwa likapendeka n'kusuntha mipando. Tinapita ndi wotiperekeza wa m'deralo kukaona zithunzi zakale zimene anthu a mtundu wa San anajambula pamiyala, nyama zofiirira zoonda miyendo, zina zitayamba kufufutika.

Usiku tinazimitsa magetsi onse, mwina batire lofooka lija linatithandiza pamenepo, n'kukhala panja titafunda bulangete limodzi. Nyenyezi zinali zambiri moti zina zimene ndimazidziwa ndinalephera kuzipeza pakati pa zinzake, ndipo mlalang'amba unadutsa pamwamba pathu ngati utsi woyera. Nkhandwe inalira kutali, ina inayankha. Kenako kunangoti zii, bata loti umamva magazi akuyenda m'makutu mwako. Mayi anandigwira dzanja n'kunena chapansipansi kuti, "Bambo, mwaona kuti lero lonse simunafunse kuti nthawi ili bwanji?" Ndinali ndisanaone. Foni inali m'kabati yomanga ndi chingwe ija kuyambira dzulo lake, itazima, ndipo sindinaikumbuke.

Kodi ndingalimbikitse wina kuchita hayala galimoto yotere? Kwa anthu awiri ofuna kupuma, amene sakuthamangira kuona malo ambiri, inde, ndi mtima wonse. Bedi, zofunda, chitofu ndi kutalika kwa denga ndilibe nazo chifukwa. Kwa banja la ana atatu ndi yopanikiza, ndipo amene akufuna kulowa mumchenga wakuya kapena m'njira za m'mitsinje youma afune galimoto yokoka ndi matayala onse. Musanachoke pabwalo la kampani, tsekani chitseko chakumbuyo wina ali m'kati aone ngati kuwala kukulowa m'mphepete. Funsani zaka za batire lachiwiri. Pemphani sipeya ziwiri, pampu, ndi thabwa la jeki, ndipo madzi akumwa munyamule ena m'zigubu padera, chifukwa thanki ikaboola pamsewu ngati wa C14 mulibe kolowera.

Pobweza galimoto anatilipiritsa tayala lija, monga mwa mgwirizano, koma anatichotsera tsiku limodzi chifukwa cha filiji, ife tisanapemphe. Za labala wa chitseko anangolemba m'kabuku. Tikufuna kubwereranso chaka chamawa, ulendo uno kulowera kum'mwera ku NamibRand, dera limene mu 2012 linazindikiridwa kuti ndi malo otetezedwa chifukwa cha mdima wa thambo lake usiku. Ndawalembera kalata kufunsa ngati batire ndi labala uja anasintha, komanso ngati angatipatse sipeya yachiwiri. Akayankha kuti inde, tidzatenga galimoto yomweyo.