Kodi ya wormhole, mtundu wake kapena nambala ya J: udalire iti mu EVE Online?

Mu masewera apakompyuta a EVE Online, wasakasaka ndi ma probe (tizida tofufuzira mumlengalenga), wapeza wormhole, khomo lolumphira ku dera lina, chombo chaima pakhomo pake. Funso ndi limodzi: kutsidyako kuli chiyani? Kuyambira 2009, pamene CCP, kampani yopanga masewerawa, inatsegula chigawo cha ma wormhole mu gawo lowonjezera lotchedwa Apocrypha, osewera akhala akuyankha funsoli m'njira zitatu, ndipo sizilemera mofanana.

Ine ndimayambira pa kodi. Wormhole iliyonse imakhala ndi chilembo ndi manambala atatu. N110 ndi B274 zimakutulutsira ku highsec (madera otetezedwa), U210 ku lowsec (a chitetezo chochepa), K346 ku nullsec (opanda chitetezo), H296 ikulowetsa mu C5 (madera a ma wormhole ali ndi makalasi, C1 mpaka C6, ndipo C6 ndiyo yoopsa kwambiri). Kodi imeneyi siinama, ndipo imakuuzanso kukula kwa chombo chimene chingadutsepo. Vuto lake ndi K162. Imeneyi si kodi yeniyeni, ndi kumsana kwa wormhole imene inatsegukira mbali inayo, ndiye kuti wina anaipeza kale ndipo mwina ali pompano. Ukaiona, kodi siikuthandiza; watsala ndi Show Info, yoonetsa zambiri za chinthu, imene imangonena pachingerezi kuti "unknown" pa C1 mpaka C3, "dangerous unknown" pa C4 ndi C5, "deadly unknown" pa C6. C1 ndi C3 kuziika m'thumba limodzi! Wa kachombo kofooka akudziwa kuti ma Sleeper, adani oyendetsedwa ndi kompyuta, a mbali ziwirizi sapweteka mofanana.

Akamuna akale amati yang'ana mtundu wa kuwala kwake. Pakati pa wormhole pamaoneka mitambo ya kumene ukupita: yobiriwira ku ufumu wa a Gallente, yagolide ku ufumu wa a Amarr, yofiira ngati makala ku C6. Ndi luso labwino, koma diso limanyenga. Kufiira kwa dera la a Minmatar, ufumu wina, kwasokonezapo ambiri, makamaka ukamasewera pa laputopu yotsitsa zithunzi.

Nambala ya J ndiyo imathetsa mkangano, kungoti uyenera kulumpha kaye. Ukafika, dzina la dera limaoneka pakona yakumanzere kumtunda: J ndi manambala asanu ndi limodzi, kupatula malo ochepa ngati Thera, imene inabwera mu 2014. Ukangolumpha chombo chimabisika kwa masekondi ochepa; uli chibisalire choncho, kopera nambalayo pa webusaiti ya anoik.is. Pomwepo udziwa kalasi yake, ma static ake (mitundu ya ma wormhole imene siisowa kumeneko), mapulaneti, komanso ngati kuli nyenyezi ya Pulsar yolimbitsa ma shield kapena Wolf-Rayet yokomera armor ndi mfuti zing'onozing'ono. Ukaiponyanso pa zKillboard, webusaiti yolemba zombo zophulitsidwa, uona amene akhala akuphana kumeneko dzulo ndi dzana. Poti kulibe local, zenera la macheza, yokuonetsa amene alipo, uthenga umenewu ndi wamtengo.

Kwa gulu, nambala za J zimatopetsa pakamwa. N'chifukwa chake ambiri amazisiya kwa mapulogalamu a Pathfinder kapena Tripwire kuti ajambule mapu, iwo n'kumangoitana madera ndi timanambala ta unyolo: 1, kenako 11, kenako 112. Koma polumpha K162 yosadziwika, ine ndimatumiza kaye frigate (kachombo kochepa) yokhala ndi cloak yoibisa, ndipo ndisanatsegule anoik.is ndimayamba ndasunga bookmark (chizindikiro cha malo) ya pobwerera.