Miyezi 8 chisinthireni timing belt ya Forester yanga

Papita miyezi 8 chisinthireni timing belt (lamba amene amagwirizanitsa kayendedwe ka mapisitoni ndi mavavu mu injini) pa Subaru Forester yanga ya 2009, ya injini ya EJ20, yomwe inachokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam. Lamba wa injini imeneyi amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo sindinafune kuzengereza, chifukwa akaduka galimoto ili pa liwiro mapisitoni amamenya mavavu, injini yonse n'kufunika kuphwasula.

Ntchitoyi inagwiridwa pa galaja ina kuno ku Lilongwe. Ndisanafike n'kunyumba komwe, nyali yachikasu ya check engine inayaka. Ndikaima pa maloboti galimoto inkanjenjemera mpaka chiwongolero kumagwedera m'manja, pa chitunda n'kumakoka mwaulesi. Nditabwerera, makaniko anazula waya wa batire, kudikira pang'ono, n'kubwezera. Nyali inazima. "Bwana, yatheka, inali kompyuta chabe." M'mawa mwake inayakanso. Ulendo wachiwiri anati vuto ndi sensa ya camshaft (chitsulo chozungulira chomwe chimatsegula mavavu). Ndinagula, anamanga, koma palibe chinasintha. Ndalama imeneyo imandiwawabe mpaka lero.

Chomwe chinanditsegula maso ndi kachipangizo kotchipa ka ELM327, kamene mumalowetsa pa soketi ya OBD pansi pa chiwongolero n'kumawerenga pa foni. Kanaonetsa nambala ya vuto P0018, kutanthauza kuti crankshaft (chitsulo chozunguzidwa ndi mapisitoni) ndi camshaft ya mbali yachiwiri, yomwe pa Subaru ndi ya kumanzere, sizikuyendera limodzi. Sensa yakale ija inalibe mlandu, inkanena zoona.

Ndinapita nayo kwa makaniko wina wachikulire amene amazidziwa bwino galimoto zimenezi. Sanafulumire kunena kanthu. Anachotsa mafani, kumasula zivundikiro zapulasitiki, n'kuyamba kupukusa injini ndi sipanala pang'onopang'ono mpaka chizindikiro cha crankshaft chitafika pamalo pake. Kenako anawalitsa tochi n'kundikodola. "Achimwene, taonani apa." Mawilo atatu a camshaft anali pa mzere ndendende. Lachinayi, lam'mwamba kumanzere, linali litaphonya ndi dzino limodzi lokha. Anandifotokozera kuti pa injini iyi ma camshaft a kumanzere amakhala atapanikizidwa ndi masipuling'i a mavavu pa nthawi yoika lamba, ndiye ukangotayirira dzanja pang'ono amadumpha. Mwayi wanga unali woti linali dzino limodzi. Akanakhala angapo, bwenzi tikukamba za mavavu opindika.

China chomwe chinandikhumudwitsa n'chakuti tenshona, yomwe imakunga lamba, inali yakale yomwe ija, ikuchucha mafuta pakamtengo kake, chonsecho ndinkaganiza kuti zonse zinasinthidwa. Tinaika yatsopano pamodzi ndi ma idler, timawilo tomwe lamba amadutsapo. Asanalize injini, madalawo anaipukusa pamanja kawiri n'kuyang'ananso zizindikiro zonse. Mphindi zisanu zimenezo zikanachitika poyamba paja, sindikanayenda maulendo onsewa.

Kuyambira tsiku limenelo ndayenda makilomita pafupifupi 11,000. Ndapita ku Blantyre kangapo, ku Mzuzu kamodzi, ndipo zitunda za ku Chikangawa inakwera mosadandaula. Kunjenjemera kuja kunatheratu, mafuta ikumwa monga kale, kutsogolo kwa injini kulibe phokoso lachilendo.

Nyali ija inayakanso kamodzi, mwezi wachisanu, ndili pafupi ndi Dedza. Mtima unagunda kwambiri, ndinkaganiza kuti lamba wadumphanso. Ndinaima pambali, kulumikiza kachipangizo kaja, ndipo panatuluka P0021. Nditasolola dipstick, kandodo koyezera oyilo, ndinapeza oyilo ali pansi, wakuda bii. Makina osuntha camshaft pa injini iyi, omwe Subaru imawatcha AVCS, amayendera mphamvu ya oyilo, choncho akachepa kapena akada, kompyuta imadandaula mbali yomweyo ya timing. Apa wolakwa ndinali ine, ndinachedwetsa sevisi. Nditasintha oyilo ndi fyuluta, nyaliyo sinabwerenso.

Kachipangizo kaja kali ndi zofooka zake. Bluetooth yake imaduka nthawi zina, ndipo kanga kamangowerenga za injini, za ABS ndi airbag sikaona. Ndinasiyanso kukasiya pa soketi usiku, poti kamadya batire ngakhale galimoto ili yozimitsa. Pano kamakhala m'kabokosi ka pa dashibodi, pamodzi ndi kapepala kamene ndinalembapo tsiku ndi makilomita omwe lamba ndi tenshona zinalowa.