Mafizo amene anandichiritsa katumba

Ndinang'ambika mnofu wa katumba ndikusewera mpira ku Chilomoni, ndipo ndinatsimphina masabata awiri ndisanapite ku kachipatala ka mafizo. Mayi amene anandilandira sanathamangire kundisisita ayi. Anandigoneka chafufumimba, n'kumadina pang'onopang'ono mpaka anapeza pamene pankandibaya. Kenako anandilozera chithunzi cha pakhoma: m'katumba muli minofu iwiri ikuluikulu, gastrocnemius pamwamba, soleus pansi pake, yonse yomangirira ku chidendene ndi mtsempha wa Achilles. Anati mnofu umangokoka, sukankha, n'chifukwa chake umasinthana ntchito ndi wa kutsogolo kwa mwendo.

Ankandiimiritsa ndi zala pa sitepe, kukweza ndi kutsitsa chidendene kakhumi kakhumi. Zinkawawa zedi! Lero ndikukwera Michiru osatsimphina. Chokhacho, benchi yodikirirapo ndi yaing'ono, ndiye muzilawirira.