The Last of Us kapena Papers, Please: iti ingamugonjetse wonena kuti magemu si luso?

Mu 2010 Roger Ebert, katswiri wa ku Chicago wounika mafilimu, anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti magemu apakompyuta sangakhale luso. Patangopita zaka ziwiri, nyumba yosungira zaluso ya MoMA ku New York inatenga magemu 14, kuphatikizapo Pac-Man ndi Tetris, koma mkanganowo sunathe. Ndiye ngati muli ndi mnzanu wamakani ngati a Ebert, mungamupatse gemu iti kuti ayese?

Ambiri amathamangira The Last of Us, yomwe kampani ya Naughty Dog inatulutsa mu 2013 pa PlayStation 3. Sindikuwadabwa. Nkhope za Joel ndi Ellie, eni nkhani a m'gemuyi, zimachita kuoneka kuti anthuwa atopa ndi ulendo, gitala ya Gustavo Santaolalla imalowa mpaka m'mafupa, ndipo nkhani yake inalukidwa bwino. Vuto ndi lakuti malo ambiri amene amakugwetsani misozi ndi aja mumaika kontirola pansi n'kumangoonera. Mpake kuti mu 2023 a HBO anaisandutsa sewero la pa TV ndipo nkhaniyo inayendabe bwinobwino. Mnzanu wamakani uja adzangoti, "Iyitu ndi filimu, angoikamo zowomberana."

Papers, Please ya Lucas Pope inatulukanso mu 2013, ndipo pamaonekedwe siingayandikire n'komwe. Zithunzi zake n'zokhakhala, mitundu yake yofwifwa. Inu ndinu wogwira ntchito pachipata cha m'malire a dziko lopeka la Arstotzka mu 1982. Patebulo lanu lopanikizika pali buku la malamulo ndi zidindo ziwiri, chololeza ndi chokana. Mumalipidwa potengera anthu amene mwathana nawo tsikulo, mukalakwitsa kupitirira kawiri amakudulani ndalama, pamene kunyumba mkazi, mwana, apongozi ndi amalume akudikira lendi, chakudya ndi moto wowotha. Malamulo nawo amangowonjezereka kukacha.

Tsiku lina bambo wina amadutsa mapepala ali bwino, n'kukupemphani kuti muchitire chifundo mkazi wake amene ali pambuyo. Mayiyo akafika, alibe chilolezo cholowera. Palibe nyimbo yachisoni yokuuzani zoti mumve. Dzanja lanu ndi limene likoke chidindo, ndipo mwina usiku wathawo mwana wanu wagona akudwala mulibe ya mankhwala. Ine chimene chimandiopsa si kukana mayiyo ayi, koma kuti pakapita masiku mumasiya kuyang'ana nkhope za anthu, maso amangothamangira pa deti ya pasipoti. Filimu ingakuonetseni munthu wouma mtima, koma siingaumitse wanu kuti mudzionere nokha mmene zimayambira. Mathero ake alipo 20, malingana ndi zimene munasankha.

Kunena chilungamo, The Last of Us ilinso ndi malo amodzi otere, kuchipatala chakumapeto, pomwe gemu imakukakamizani kuchita ndi manja anu chinthu chimene mwina simukugwirizana nacho. Pamenepo ndimaivulira chipewa. Koma kuti mufikepo mudutsa maola oposa khumi.

Wamakaniyo mupatseni Papers, Please. Sifuna PlayStation kapena kompyuta yamphamvu, ndipo kuyambira 2022 imapezekanso pafoni za Android ndi iPhone. Ingomuchenjezani kuti asaithawe msanga, chifukwa masiku oyambirira imakhaladi ngati ntchito ya muofesi.